Masabata atatu amene anapereka tchana wanga kwa mbozi

Chaka chimene ndinadziwa bwino mbozi za tchana sindinali pa kafukufuku aliyense. Ndinangochedwa basi. Munda wanga ndi wa makande, dothi lakuda lija losunga madzi, ndipo tchana ndimamudzala mvula ikamatha kuti akule ndi chinyontho chotsalira pansi. Chaka chimenecho mbewu inandiperewera. Ndinadzala theka la munda, mbali ya kumtunda, kenaka n'kuyamba kusakasaka ina. Pomwe ndinkaipeza n'kukonza mizere ya kumunsi, panali patadutsa masabata atatu ndi masiku pang'ono. Mtundu wa mbewu unali womwewo, tchana wa timbewu ting'onoting'ono tofiirira wotchedwa desi. Dothi lomwelo, manja omwewa, kupalira chimodzimodzi. Chimene chinasiyana ndi tsiku lodzala lokha.

Chomwe chinandipusitsa n'choti mbali yochedwayo inkaoneka bwino kuposa inzake. Pamene ya kumtunda inkayamba kuchita chikasu, ya kumunsi inali biriwiri, maluwa mbwee, moti ndinkaima m'mphepete n'kumadziyamikira mumtima. Tsiku lina m'mawa ndinagwada kuti ndione ngati makoko akudzaza. Khoko loyamba linali ndi kabowo kozungulira bwinobwino ngati kobooledwa ndi msomali. Ndinalifinya, linangoti fwaa, mulibe kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu ndinamupeza mwini wake ali pa ntchito: mutu uli m'kati mwa khoko, thupi lonse lili panja, akudya mosatekeseka. Ndi mmene mbozi imeneyi imadyera ikakula. Siilowa yonse, imangosuzumira m'kati, n'kumaliza kambewuko, n'kupita pa khoko lina. Zina zinali zobiriwira ngati tsamba lomwe, zina zofiirira, zina zoderako zokhala ndi mzere woyererako m'mbali, ndipo ine ndinkayesa ndi mitundu itatu ya mbozi. Unali mtundu umodzi.

Ndinathamangira mankhwala. Ndinapopera kawiri m'masiku khumi, masana dzuwa lili pamutu, ndipo mbozi zikuluzikuluzo zinangopitiriza kudya. Ndinayamba kudandaula kwa aliyense wondimvera kuti ndagulitsidwa mankhwala osukuluka. Malume anga, amene alima mbewu za mtundu wa nyemba kuyambira ine ndisanabadwe, anabwera kudzaona. Anayenda mbali ya kumtunda osalankhula, akuthyola makoko ouma n'kumawagwedeza pafupi ndi khutu. Atafika kumunsi anatola mbozi imodzi yotalika pafupifupi ngati chala chawo chaching'ono, n'kuiika pa chikhatho changa.

“Iwe mphwanga, imeneyi yatha kale kudya. Ukuipoperanji? Mawa ikulowa pansi.”

“Nanga ndikanatani, malume? Mankhwalawa sakugwira.”

“Mankhwala asiye. Kumtundaku unapopera kangati?”

Ndinali ndisanapopereko n'kamodzi komwe. Sanawonjezere mawu, anangondiyang'ana.

Funso limenelo linandisowetsa tulo, ndipo ndi limene linandichititsa kufunsa alangizi ndi kuwerenga chilichonse chimene ndinapeza pa intaneti chokhudza mbozi imeneyi. Dzina lake la sayansi ndi Helicoverpa armigera. Ndi yomwe ija imaboola thonje, tomato, nandolo ndi nsonga za chimanga chachiwisi, choncho siisowa kodya chaka chonse. Mayi wake ndi kagulugufe kofiirira kowuluka usiku, kamene masana simungakaone pokhapokha mutakadzidzimutsa m'masamba. Kamaikira mazira limodzilimodzi, osati mulu, pa masamba anthete, pa maluwa ndi pa makoko aang'ono, ndipo kamodzi kokha kangaikire mazira mazana angapo, nthawi zina kupitirira 1,000. Dziralo ndi laling'ono kuposa mutu wa phini. Limayamba loyera, n'kumada likayandikira kuswa. Mbozi ikatuluka imafundula kasanu kapena kupitirira, ikukula, kenaka imatsikira m'nthaka, n'kuuma kunja ngati kambewu kofiirira, n'kudzatuluka ili gulugufe.

Zonsezi zikanangokhala nkhani ya m'buku pakanapanda chinthu chimodzi: liwiro la moyo wa mbozi imeneyi limayendera kutentha. Kukafunda, dzira limaswa m'masiku atatu okha. Kukazizira limatha sabata kapena kuposerapo. Mbozi imene nyengo yotentha imamaliza kukula m'masabata awiri kapena atatu, m'nyengo yozizira imatenga mwezi n'kupitirira. Kuzizira kukafika cha m'ma digiri 11 kapena 12 kutsika m'munsi, kukula kwake kumangotsala pang'ono kuimiratu, ndipo usiku wozizira agulugufewo sauluka kwambiri, saikiranso mazira ambiri. Kukatentha, ulendo wonse kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe woikiranso mazira umatha m'mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye tangoganizani: gulugufe mmodzi, mazira mazanamazana, mwezi umodzi, ana akewo n'kuyambanso.

Nditamvetsa zimenezi ndinabwerera m'maganizo ku munda wanga wa zigawo ziwiri uja, ndipo zonse zinalumikizana. Tchana wa kumtunda anachita maluwa ndi kumanga makoko usiku ukadali wozizira. Mbozi zinalipo ndithu, ndinkaziona apo ndi apo, koma zinali zochepa ndi zaulesi. Pamene kunkayamba kufunda, makoko ake anali atakhwima, ndipo khoko louma mbozi ilibe nalo ntchito. Wa kumunsi anafika pa maluwa ndendende sabata imene tinayamba kugona osafunda bulangete. Makoko ake anthete anakumana ndi agulugufe ochuluka, mazira oswa msanga ndi mbozi zodya usana ndi usiku. Panalinso china chimene chinandipweteka nditachizindikira. Mbozi zochepa za kumtunda zija sizinafe. Zinalowa pansi, n'kutuluka zili agulugufe, n'kupeza chakudya chatsopano pamtunda wa masitepe khumi okha. Ndinaziweta ndekha ku mbali ina ya munda n'kuzikonzera phwando ku mbali inayo. Ndipo poti minda ya anzanga yozungulira inali itauma, wanga wa kumunsi ndiwo unali wokhawo wobiriwira, gulugufe aliyense wa m'deralo ankathera pomwepo.

Si ine ndekha amene ndinaona zotere. Ku India, dziko limene limakolola tchana woposa theka la tchana yense wa pa dziko lapansi, nkhani ya tsiku lodzala ndi yodziwika kwa alimi ndi akatswiri omwe. Kumpoto kwa dzikolo tchana amadzalidwa cha mu Okutobala kapena Novembala n'kukula m'nyengo yozizira, ndipo mbozizi zimachuluka kwambiri cha mu Malichi ndi Epulo kukayamba kutentha. Wodzala mochedwa, mpaka Disembala, makoko ake amakhala adakali anthete nthawi imeneyo, ndipo ndiye amalira kwambiri. Bungwe la ICRISAT, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Patancheru pafupi ndi mzinda wa Hyderabad, lakhala likufufuza za tchana ndi mbozi imeneyi kwa zaka zambiri. Miyezi ya kumeneko musaitengere pamutu, chifukwa nyengo zimasiyana malo ndi malo. Chotengapo ndi funso loti: tchana wanga akamadzamanga makoko, kunja kudzakhala kotani?

Chaka chotsatira ndinachita zimene amachita munthu wolumidwa ndi njoka akaona chingwe. Ndinadzala msanga kwambiri, mvula isanatsazike bwino, kunja kukadali kofunda. Ndinkati ndazithawa. Tchana atangotulutsa masamba angapo ndinayamba kuona timawanga toyera pa timasamba, pamene timbozi tatsopano tinkapala chobiriwira cha pamwamba n'kusiya kakhungu koonekera. Panabweranso mbozi ina yosiyana, yofewa, yobiriwirako, imene imakonda tchana wamng'ono kukakhala kofunda. Alangizi anandiuza kuti ndi Spodoptera exigua, ndipo iyo mazira ake amakhala mulu wokutidwa ndi tiubweya. M'mizere ina ndinkapeza mbewu zitagwa m'mawa, zitadulidwa m'tsinde penipeni pa nthaka, ndipo ndikafukula ndi chala ndinkapeza mbozi yotuwa itadzipinda ngati mphete. Imeneyo imadya usiku, masana imabisala pansi.

Komabe kuwonongeka kumeneku sikunafanane ndi kwa chaka chapitacho, ndipo apa ndi pamene ndinasiyanitsa mbozi ya pa tsamba ndi mbozi ya pa khoko. Tchana ndi mbewu yopirira. Akadyedwa masamba ali wamng'ono, chinyontho chilipo, amaphukanso nthambi zina n'kuiwala. Khoko likabooledwa ndiye kwatha, nthawi yoti amange lina imakhala yochepa, makamaka kukayamba kutentha ndi kuuma. Chimene chinandilanga kwambiri chaka chimenecho sichinali mbozi ayi. Tchana wanga anafika pa maluwa pakati penipeni pa chisanu, ndipo maluwa oyamba anayoyoka osamanga kanthu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kutentha kwa tsiku lonse kukamakhala pansi pa madigiri 15 tchana amavutika kumanga makoko, monganso amavutikira kukapitirira madigiri 35. Anadzamanga ndithu kutayamba kufundako, ndipo ndinakolola bwino kuposa mbali ya kumunsi ija, koma phindu lonse la kufulumira kwanga linathera m'maluwa oyoyokawo. Mpata wabwino ulipo pakati, ndipo si waukulu.

Za mvula ndiye zinandisokoneza nthawi yaitali, chifukwa ndinkamva zinthu ziwiri zotsutsana. Ena ankati mvula imapha mbozi, ena ankati imazibweretsa. Onse ankanena zoona. Kuti mumvetse, lowani m'munda wa tchana m'mawa mame asanaume. Buluku limanyowa mpaka m'mawondo, ndipo ngati muli ndi kabala pa mwendo mumva kunyerenyetsa. Nyambitani chala chimene mwakhudza nacho tsamba, mumva kuwawasa. Tchana ali ndi tiubweya pa masamba, pa nthambi ndi pa makoko, timene timatulutsa timadontho ta asidi. Ambiri mwa asidiyo ndi wa mtundu wa malic, ndipo pamakhalanso wa oxalic, amene amachedwetsa kukula kwa mbozi. Buluku langa limodzi linatha m'miyendo chifukwa cha timadontho timeneti ndisanadziwe chimene chikulidya. Asidi ameneyu ndi chishango cha mbewuyo, ngakhale kuti Helicoverpa amamupirira kuposa tizilombo tina tambiri.

Tsono mvula yamphamvu, yogwa mwaukali, imagwetsa mazira ndi timbozi tating'ono pansi, ndipo madzi akadikha m'makande zina zimene zili m'nthaka zimafera momwemo. Imeneyo ndi mvula yothandiza, kumbali ya mbozi. Koma mvula yowaza, ya masiku atatu kapena anayi, ya mitambo yosachoka, kunja kuli kofunda, imatsuka asidi uja pa masamba osapha kanthu. Imachititsanso tchana kuphuka masamba ambiri ofewa n'kutsekana, mbozi n'kupeza pobisala pamene mbalame kapena mankhwala safika. Kangapo konse ndaona kuti patatha sabata kapena masiku khumi chichokereni mitambo yotere, timbozi timachuluka. Masiku ano mitambo ikangochoka sindidikira kuona mabowo, ndimalowa m'munda kukawerenga. Amene amathirira tchana wawo asamale pomwepa. Madzi ambiri ndi feteleza wa nayitirojeni wochuluka zimapanga munda wokongola m'maso, wochedwa kukhwima, wokoma kwa mbozi. Tchana amadzipangira yekha nayitirojeni wambiri kudzera m'timatuza ta ku mizu yake, safuna kumunenepetsa.

Asidi yemweyo ali ndi kuipa kwake. Pali timavu ting'onoting'ono totchedwa Trichogramma timene timaikira mazira athu m'kati mwa mazira a mbozi, ndipo pa mbewu zina timathandiza kwambiri. Pa tchana timalephera, tiubweya ndi asidi uja zimatilepheretsa kugwira ntchito. Kamavu kamene kamathandiza pa tchana ndi kena, kamene ku India amakadziwa ndi dzina loti Campoletis chlorideae, kobaya timbozi tikadali tating'ono. Nako kamagwira ntchito bwino kukakhala kozizirira, kukatentha kwambiri kamachepa. Ndiye onani mmene zinthu zimamukhalira wodzala mochedwa: nthawi imene mbozi zikuthamanga ndi yomweyo imene adani ake akufooka. Mbalame zokha ndizo sizisankha nyengo. Ndimazika timitengo tokhala ndi kopingasa pamwamba, totalika kuposa tchana, apo ndi apo m'munda monse, kuti zizitera n'kumasuzumira pansi. Ndaimapo chapatali n'kuona mbalame ikutsika, n'kukwera ndi mbozi kukamwa, n'kutsikanso. Mbewu zikayamba kukhwima timitengoto ndimazula, kuopa kuitana mbalame zodya mbewu.

Kuwerenga mbozi ndimachita motere. Ndimatenga thumba loyera, n'kuliyala pansi pakati pa mizere, n'kuweramitsira mbewu za mita imodzi pamwamba pake, n'kuzigwedeza mwamphamvu. Zimene zagwa ndimawerenga, ndikuyang'anitsitsa tating'onoting'ono tosafika sentimita imodzi, chifukwa timeneto ndi timene timandiuza za sabata yamawa. Ndimachita malo asanu kapena asanu ndi limodzi omwazikana, osati m'mphepete mokha. Tchana asanachite maluwa ndimayendera kamodzi pa sabata ndipo sindichita mantha ndi masamba odyedwa pang'ono. Maluwa akayamba ndimayendera kawiri, ndipo usiku ukangoyamba kufunda ndimalowa pakapita masiku awiri alionse. Malangizo ambiri a ku India amati mbozi imodzi kapena ziwiri pa mita imodzi ya mzere, nthawi ya maluwa ndi makoko, ndi chizindikiro choti muchitepo kanthu, ndipo ine ndimayendera pomwepo. Kumene kumapezeka misampha ya fungo lokopa agulugufe aamuna, imathandiza kudziwa kuti ayamba kuuluka. Siithetsa mbozi, imangokhala ngati galu wouwa usiku. Mukaona agwidwa ambiri masiku otsatizana, dziwani kuti mazira ali kale pa maluwa, ndipo kukakhala kofunda muli ndi masiku ochepa kwambiri.

Za mankhwala ndinene mwachidule, chifukwa ambiri timathamangira kumeneko ngati mmene ndinachitira ine. Mbozi yoti muiphe ndi yaing'ono, imene ikadali pa tsamba ndi pa duwa. Yaikulu imafuna mankhwala ambiri, mutu wake uli m'khoko, ndipo zambiri zoti iwononge yawononga kale. Ndimapopera madzulo, mphepo itadekha. Pa timbozi tating'ono pali mankhwala opangidwa ndi kachilombo ka vairasi kotchedwa NPV, kamene kamapha mbozi zokhazi osakhudza mavu kapena mbalame. Mbozi yogwidwa nako imafewa n'kulendewera chazondoka pa nsonga ya nthambi. Kuipa kwake n'koti kamachedwa kupha ndipo dzuwa limakafooketsa, n'chifukwa chake madzulo ndi nthawi yake. Mankhwala ochokera ku mtengo wa nimu nawo amathandiza akayambidwa msanga. Ndipo mwina mankhwala anga aja sanali osukuluka konse. Mbozi imeneyi imadziwika pa dziko lonse kuti imazolowera mankhwala. Ku Australia inayamba kupirira mankhwala a gulu la pyrethroid mu 1983, ndipo ku India alimi a thonje anakumana ndi vuto lomwelo zaka zochepa pambuyo pake. Kubwereza mankhwala a gulu limodzi kawiri katatu, monga ndinachitira, ndi kuziphunzitsa. Werengani pa botolo gulu la mankhwalawo, musinthe gulu osati dzina lokha, ndipo mudzitchinjirize popopera.

Pali ntchito ina imene ndinkainyalanyaza, ya pambuyo pokolola. Mbozi zomaliza zija, monga imene malume anandiika pa chikhatho, zimakhala pansi pa munda womwewo, pakuya kwa masentimita ochepa. Zina zimatuluka pakapita masabata awiri. Zina, zikalowa pansi masiku akufupika ndipo kukuzizira, zimagona miyezi ingapo kudikira kuti kufunde, n'kudzatuluka pafupifupi nthawi imodzi. Alimi a thonje ku Australia amagalauza nthaka mpaka masentimita 10 akakolola, n'cholinga chophwanya timayenje timene gulugufe amatulukira. Ine ndimachita zomwezo ndi khasu pa zigawo zimene mbozi zinachuluka, ndipo mbalame zimanditsata m'mbuyo.

Pali zaka zina zimene kuchedwa sikupeweka. Mvula imatha mochedwa, makande amakana khasu, kapena mbewu ya patsogolo imachedwa kuchoka m'munda. Zikatero sindidzalanso mtundu wochedwa kucha. Ndimafuna wocha msanga, woti uthamangitsane ndi kutentha, ndipo ndimachepetsa malo kuti ndithe kuwayendera bwino. Tchana wa mbewu zikuluzikulu zoyera, wa kabuli, ndimamupatsa malo oyambirira nthawi zonse, chifukwa kawirikawiri mbozi zimamuvutitsa kuposa desi. Chimene sindichitanso n'kugawa munda umodzi pawiri motalikitsa masiku. Mbewu ikaperewera, mbali yotsalayo ndimadzala china kapena ndimaisiya. Ndinayesanso kukambirana ndi oyandikana nawo minda kuti tizidzala sabata imodzi tonse, kuti pasapezeke munda umodzi wobiriwira pakati pa youma. Awiri anavomera. Mmodzi amadzalabe nthawi imene wafuna, ndipo chaka chilichonse amabwera kudzabwereka sipuleya.

Ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo zinthu zinayi zokha: tsiku lodzala, tsiku limene ndaona duwa loyamba, usiku woyamba umene ndagona osafunda, ndi chiwerengero cha mbozi pa thumba loyera lija. Pa zaka zimene ndalembamo, ndimayang'ana mpata wa pakati pa duwa loyamba ndi usiku wofundawo. Ukakhala wa mwezi kapena kuposerapo, sipuleya nthawi zambiri siichoka pa msomali. Ukafupika kufika masabata awiri, ndimadziwiratu kuti ndigwira ntchito. Vuto ndi loti usiku wofundawo sukubweranso pa nthawi imene unkabwera m'masamba oyambirira a kabukuka. Zaka ziwiri zapitazi wafika msanga, ndipo chaka chino ndasuntha tsiku lodzala ndi masiku asanu kubwerera m'mbuyo, ndikudziwa kuti maluwa ena oyamba ayoyoka ndi chisanu.

Malume anadutsa dzulo ndikugwedeza mbewu pa thumba. Anawerama n'kuloza kanthu kena ndi ndodo yawo.

“Aka wakaona?”

Kanali kambozi kochepa ngati kachidutswa ka ulusi, kakuyenda m'mphepete mwa thumba. Ndinali nditakaphonya. Ndinafufuta ziwiri zimene ndinalemba m'kabuku n'kulemba zitatu, ndipo tinasunthira pa mzere wina.